Kaseti ya Che Wadi

Gilford adakanikiza batani asadafunse munthu aliyense. Adali atagwada pamphasa pakati pa amuna, katoni ya katundu wa malemu ili patsogolo pake, ndipo mumtima mwake ankati akuchita chinthu chabwino. Kawailesi kadayamba ndi kaphokoso ngati ka mafuta pamoto. Kenaka limba lidalira pansipansi, pambuyo pake mawu a anthu ambiri, amuna ndi akazi, akukwera limodzi pang'onopang'ono m'chilankhulo chimene padalibe wochidziwa pabwalopo.

Lidali tsiku lachisanu ndi chiwiri chimwalirireni Che Wadi, m'chaka cha 1984. Shehe adali atangomaliza duwa, pemphero lopempherera malemu, manja a anthu adakali pankhope. Ndiye nyimbo pamaliro a Msilamu, nyimbo yake yotereyi.

Che Dinala, mkulu wake wa malemu, amene ankaphunzitsa ana kumadrasa, ndiwo adatambasula dzanja n'kuzimitsa. Sadadziwe batani lake, choncho adakanikiza onse mpaka kawailesi kadakhala chete.

Gilford adali kalaliki wa pahotela ina ya m'mbali mwa nyanja, njira ya ku Monkey Bay, kumene Che Wadi adagwira ntchito yoonetsa kanema kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kwawo kudali ku Ntcheu, ndipo za Chisilamu ankangodziwa zoti sadya nkhumba. Ataona nkhope za anthu adazindikira kuti walakwitsa, ndipo pofuna kukonza adaonongeratu.

"Pepani akuluakulu. Ndimati mumve chimene malemu ankakonda. Lamulungu lililonse ankadzitsekera okha m'kachipinda kawo, nyimbo iyi ikulira. Potuluka maso ali psuu. Ine ndine wa mpingo wina, koma ndikuyesa ndi ya Akatolika, ya pamaliro."

Amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma sanena kuti kalumoko nthawi zina kamacheka khutu la mwini nyumba. Che Dinala adamuthokoza Gilford chifukwa cha ulendo wake, n'kumupempha mwaulemu kuti anyamule kawailesi ndi kaseti yomwe, zisagone pakhomopo. M'katonimo mudatsala jekete, sikuludiraiva ziwiri ndi kapu ya chitsulo.

M'nyumba, kuseri kwa nsalu yotchinga pakhomo, mkazi wa malemu adamva zonse. Anthu ankawatcha Abiti Bakali. Dzina lawo loti Ajira ankalitchula ndi Che Wadi okha, ndipo lidapita nawo kumanda. Adali m'masiku a eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo osatuluka, osadzola zonunkhira, osaonana ndi amuna achilendo. Amayi amene adakhala nawo adayang'anizana, koma iwo adangoyang'ana zala zawo, chifukwa nyimboyo ankaidziwa. Che Wadi ankaing'ung'udza akamamata chubu cha njinga. Iwonso adaitola osadziwa, ngati mmene munthu amatolera chimfine, ndipo ankaing'ung'udza popeta mpunga. Mdzukulu wawo woyamba adamugonekera nyimbo yomweyo.

Mawa lake m'mawa Che Dinala adabwera n'kukhala pakhonde, msana atalozetsa kuchitseko. Adalankhula nthawi yaitali, ndipo sadalankhule ngati munthu wokwiya. Adati Wadi ali mwana adaphunzirako zaka ziwiri kusukulu ya mishoni kutsidya kwa nyanja, mpaka tsiku limene bambo awo adamumva akuimba nyimbo ya m'tchalitchi ali m'bwato, n'kukamuchotsako tsiku lomwelo. Adati iwo ankayesa kuti zija zidathera pomwepo. Adati Shehe wanena kuti sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi, iyambe yaima, chifukwa iye sangatsogolere duwa ya munthu amene sakumudziwa kumene adatsamira. Mapanga awiri avumbwitsa, adatero Che Dinala. Adasambitsa mtembowo ndi manja awo, adaukulunga okha m'sanda, adauika pambali pa manda a amayi awo. Ngati adalakwitsa, ndiye kuti adalakwira manda onse.

"Alamu, inu mwakhala naye nyumba imodzi zaka makumi atatu. Ingondiuzani kuti nyimbo ija simudaimvepo pakamwa pake. Mukatero, ine ndiitanitsa mpunga lero lomwe."

Abiti Bakali adatsegula pakamwa. Bodza lake lidali laling'ono, mawu atatu kapena anayi, ndipo likadapulumutsa mwamuna wawo. Koma kunama uli pa eda, kunamizanso mwalimu, pankhani ya Mulungu? Adatseka pakamwa. Che Dinala adadikira mpaka nkhuku idamaliza kutolatola pakhonde, kenaka adavala nkhwaira zawo n'kumapita.

Chete ameneyo adayenda m'mudzi kuposa mawu. Pofika sabata yachitatu, Che Wadi adali atabatizidwa kale m'kamwa mwa anthu, ndi dzina lomwe atapatsidwa. Ena ankati Kalisto. Wina adalumbira kuti adawaonapo akutsika njinga pafupi ndi tchalitchi cha ku boma, osanena kuti pafupi pomwepo pamagulitsidwanso matayala. Amayi obwera kudzakhala ndi wamasiye adayamba kuchepa, ndipo otsalawo ankabwera ndi maso oyendayenda m'zipupa ngati akufuna mtanda.

Abiti Bakali nawonso adaufuna. Adakhuthula sutikesi, adasanthula matumba a jekete, adang'amba ndi pilo yemwe. Sadapeze kanthu, ndipo kusapezako sikudawatonthoze. Munthu uja adamuona akudzuka m'bandakucha kukaswali, adamuona akumanga Ramadani yonse ngakhale chaka chimene adadwala zilonda za m'mimba. Masiku asanu ndi limodzi a sabata akadatha kumuchitira umboni pamaso pa aliyense. Koma Lamulungu ankachoka m'mawa ndi njinga n'kubwerera dzuwa litapendeka, ndipo iwo sadafunsepo. Akafunsa za kanema, Che Wadi ankaseka n'kunena kuti azungu a ku Ulaya amajambula munthu atangokhala, palibe kumenyana, palibe kuthamangitsana, koma anzawo amalipira kuti amuonere. Ndiye chidali chiyani chowaliza mmenemo? Kapena munthu angathe kugona pambali pako zaka makumi atatu mtima wake uli kwina? Akaganiza chonchi ankapezeka ataika mchere kawiri m'ndiwo.

Tsiku la makumi awiri ndi asanu ndi limodzi lidagwa Lamulungu. Atamaliza swala ya m'mawa adauza mwana wawo wamkazi, Subira, amene adasiya banja lake ku Chembe kudzawasamalira, kuti akupita kuhotela.

Subira adaganiza kuti sadamve bwino. Adawakumbutsa za eda, za Shehe, za anthu amene akungodikira chifukwa china. Adati mkazi wamasiye kutuluka Lamulungu, kupita komwe kuli nyimbo ija, ndiye kuti anthu anena kuti nyumba yonse idatembenuka.

"Kwatsala masiku khumi ndi anayi," adatero amayi ake. "Bambo ako akapanda kuchitiridwa sadaka, eda imeneyi ndikusungira yani?"

"Nanga mukakapeza kuti n'zoona?"

"Ndikadziwa amene ndikumulira."

Subira sadavomere ndipo sadawaperekeze. Koma ndiye adawamanga mpango, kuukokera kutsogolo kuti ubise nkhope, n'kuwamangirira khadi la chipani pangodya ya chitenje. Pasiteji amuna a malaya ofiira adalifunsa khadilo asadawalole kukwera basi, monga ankachitira masiku amenewo ngakhale kwa munthu wopita kuchipatala. M'basimo mudali mayi wina wa m'mudzi mwawo wogulitsa usipa, amene adawayang'ana kawiri n'kuyang'ana kumbali. Abiti Bakali adadziwa kuti nkhani ikafika kunyumba iwo asadafike. Chikhalirecho aka kadali koyamba kukwera basi okha, popanda mwamuna wowauza potsikira, ndipo adachita manyazi kuona kuti mphepo ya pawindo ikuwakomera.

Mlonda wa pageti la antchito adakaitana Gilford, amene adabwera akuthamanga, akupepesa asadafike n'komwe. Adati chichokereni kumaliro kuja sagona bwino. Adati panopa kanema akuonetsa ndi iyeyo, chifukwa ndiye ankawathandiza Che Wadi kunyamula zitini, ndipo mwamwayi lero akuonetsa yemwe uja wa nyimbo. Makanema ankabwera pabasi kuchokera ku Blantyre, kuofesi ya dziko lina la ku Ulaya, koma basi ikalephera ankabwereza mmodzi yemweyo, amene adabwera kalekale ndipo eni ake adamuiwala. Nyimbo ya m'kaseti ija Che Wadi adaijambula kuchokera mmenemo.

M'holo sakadalowa, ndipo sadafune. Gilford adawatengera kuseri, kukwera masitepe atatu, n'kuwalowetsa m'kachipinda kochepa ngati bafa. Pakati padali makina aja, a mikono iwiri yonyamula mipukutu ya filimu. Kukhoma kudali kabowo kotulukira kuwala ndi kena koonerapo munthu. Mudali fungo la fumbi lotentha, ndipo pansi pa fungolo mudali la sopo wa Che Wadi. Abiti Bakali adagwira khoma.

Pakabowo adaona anthu ngati makumi awiri, ambiri azungu, msilikali mmodzi wa ku Monkey Bay ndi mkazi wake, makatani onse atatsekedwa masanasana. Nyimbo ya fuko italira onse adaimirira. Kenaka padaoneka chikalata cha a boma chosonyeza kuti kanemayo adamuyeza n'kumuloleza, ndipo zithunzi zidayamba, zakuda ndi zoyera zokhazokha.

Adali maliro. Izi adazimva popanda wowamasulira, pakuti bokosi ndi bokosi kulikonse. Koma kumandako kudali anthu asanu ndi mmodzi, mvula ikugwa, ndipo atamaliza aliyense adatsegula ambulera yake n'kulowera kwake. Mkazi wa malemu adabwerera kunyumba yekha. Adavula nsapato. Adakhala pampando. Adasenda mbatata imodzi, ndipo adaisenda yonse, anthu makumi awiri akumuonerera, kenaka sadaiphike.

"Abale ake ali kuti?" adanong'ona Abiti Bakali.

Gilford adati sakudziwa. Chilankhulocho sichidali Chingerezi, ndipo timawu tolembedwa m'munsi tinkathamanga kwambiri. Abiti Bakali adafunsanso ngati mayiyu adalakwira mudzi kuti amusale chotere, ndipo Gilford adati akuganiza kuti kumeneko ndi mmene amalirira. Pena mayiyo ankalowa pakhomo atavala diresi lina n'kutuluka atavala lina, ndipo Gilford adati pamenepo ndi pamene a boma adadula. Mwamuna wina adabwera ndi maluwa, adalankhula, mayiyo adamutsekera chitseko. Telefoni idalira, sadaiyankhe. Mpukutu woyamba udatha, Gilford adaika wachiwiri msangamsanga, ndipo mayi uja adali adakali pampando womwewo. Abiti Bakali adayamba kuona kuti aswa eda yawo pachabe. Mudalibe wansembe, mudalibe ubatizo, mudalibe chilichonse choti n'kupita nacho kwa Che Dinala, chabwino kapena choipa.

Chakumapeto kwa mpukutu wachiwiri mayi uja adavala jasi la mwamuna wake, lalikulu lofika m'maondo, n'kutuluka. Adakwera basi. Adakhala pawindo. Ndipo pamenepo limba lija lidayamba, ndi mawu aja okwera limodzi, basi ikudutsa nyumba, mitengo yopanda masamba, anthu osamudziwa. Anthu ankatsika, ena ankakwera, iye osatsika. Basi idafika kumapeto n'kutembenuka, iye ali momwemo.

"Akupita kuti?"

"Sapita kulikonse, amayi. Amangokwera."

Abiti Bakali adafuna kuseka, koma sadathe. Kenaka filimu idatha pamkono wa makina, mchira wake ukumenya phaphapha, ndipo chinsalu chidayera.

Apa Gilford adasintha, adakhala munthu wa ntchito yake. Adazimitsa makina. Adatsegula chitseko cha mbali ya holo, n'kulengeza m'Chingerezi kuti pakhala kupuma kwa mphindi khumi. Adaika kawailesi kaja pafupi ndi chimkuzamawu n'kukanikiza batani, ndipo nyimbo idayambiranso pachiyambi. Alendo adanyamuka osadandaula, ena kukagula zakumwa, ngati anthu ozolowera. Gilford atabwerera adawauza Abiti Bakali kuti atuluke onse awiri, chifukwa makina akuzizira.

Abiti Bakali adafunsa kuti bwanji sadazizire atatha mpukutu woyamba.

Gilford adati ndi mmene Che Wadi adamuphunzitsira. Woyamba ukatha umaika wachiwiri nthawi yomweyo, koma wachiwiri ukatha makina amayenera kupuma mphindi khumi zathunthu, apo ayi babu liphulika, ndipo babu lake limachokera ku Joni. Bwana woyamba wa hotelayo, munthu wovuta amene sankalola wantchito kusiya ntchito ngakhale kukapemphera, adakangana nawo kwambiri za mphindi zimenezi, koma Che Wadi adati ngati bwana akufuna aziyendetsa yekha makinawo. Ndiye adajambula nyimbo ija kuti alendo asatope podikira. Nthawi yoziziritsayo munthu wina sankaloledwa m'kachipindamo, chifukwa cha kutentha. Che Wadi okha ndiwo ankatsala, atakhoma chitseko, kuyang'anira babu.

"Sabata yatha ndidayesa kusadikira," adaulula Gilford motsitsa mawu. "Silidaphulike. Koma ndidachita mantha, sindidzabwerezanso."

Adawasonyezanso ketulo ndi kabeseni pangodya, zimene Che Wadi ankati ndi zozimitsira moto ukabuka. Iye ankadzaza ketuloyo mokhulupirika Lamulungu lililonse, ngakhale ankadabwa kuti masiku a Che Wadi madziwo ankatha, pomwe masiku ano satha.

Abiti Bakali adayang'ana ketulo. Adayang'ana pansi pa chitseko cha kuseri, pamene dzuwa linkalowera, ndipo adaona mmene mthunzi watalikira. Pasimenti, pakati pa makina ndi khoma, padali mzere wa pensulo wobwerezedwabwerezedwa, wosatsata khoma lililonse, wopendekera kumpoto chakum'mawa pang'ono. Mzere wotere ulinso m'nyumba mwawo, pansi pa mkeka woswalira. Adasuzumira kuseri kwa zitini za filimu n'kutulutsa thumba la ufa lochapidwa mpaka kuyera, lopindidwa kanayi. Gilford adati limenelo ndi lofunditsira makina, ngakhale sadaonepo likufunditsidwa.

"Tuluka, mwanangu. Utseke chitseko monga ankachitira."

"Kutentha, amayi."

"Ndidakulira kukhitchini."

Atatsala okha adathira madzi m'manja, adasamba kumaso, mikono ndi mapazi, madzi akugwera m'kabeseni. Adayala thumba motsata mzere. Padali popyapyala pawiri pa maondo, ndi pamodzi kutsogolo pa chipumi. Idali nthawi ya swala ya Asiri, ya dzuwa litapendeka, ndipo mwamuna wawo adanamiza hotela yonse, mabwana atatu otsatizana, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuti asaiphonye. Chimwemwe chidawagwira. Adaima pamene ankaima iye, n'kuyamba.

Adaswali ndi liwiro la Che Wadi, limene maondo awo ankalidziwa chifukwa choswali pambuyo pawo zaka zonsezi. Sadali munthu wochedwa pa swala. Ankawerenga masura aafupi a m'buku lopatulika, ankawerama n'kudzuka ngati munthu wodziwa njira yake. Abiti Bakali adamaliza raka zinayi, zigawo zonse za swalayo, adapereka salamu kumanja ndi kumanzere, adawerenga tasibihi, mawu otamanda Mulungu, pa zala monga ankachitira iye, adakweza manja n'kuchita duwa yonse imene ankachita iye, osasiyako kanthu. Adapukuta nkhope.

Nyimbo idali ikulirabe, ndipo sidali pafupi kutha.

Adakhala pathumbapo, chimwemwe chija chikuphwa pang'onopang'ono. Munthu wofuna kuswali yekha akadapempha mphindi zisanu ndi imodzi, zikadamukwanira ndi kusamba komwe. Uyu adapempha khumi. Zotsalazi zidali za chiyani? Babu silinkafuna kuzizira, Mulungu adali atalandira zake, alendo akadakondwa kuyamba msanga. Adayang'ana uku ndi uku m'kachipindamo ngati kuti wina awayankha, ndipo adaona kukhoma la kumanja, lolekanitsa kachipindako ndi holo. Panjereza padali banga lozungulira, lakuda ndi mafuta a m'mutu, pamsinkhu wa munthu wokhala pansi.

Adasendera. Che Wadi adali wamtali, choncho iwo adachita kugwada kuti mutu ufike pabangapo. Adatsamiritsa khutu.

Khoma lonse linkanjenjemera. Nyimbo imene m'kachipindamo inkamveka patali, apa inkalowa m'fupa. Mawu ambiri aja adatsika, n'kutsala a mkazi mmodzi, akukwera yekha, akukwerabe, pamene munthu ukuganiza kuti mpweya umuthera. Abiti Bakali sadamve liwu ndi limodzi lomwe. Sadadziwe ngati mkaziyo akuitana Mulungu, ndipo ngati ndi Mulungu, wa ayani. Adalira kuposa tsiku limene jeneza lonyamula mtembo lidatuluka pakhomo. Adamukwiyira mwamuna wawo chifukwa chokhala ndi chinthu chokoma chotere payekha, Lamulungu ndi Lamulungu, osawauza. Kenaka adakumbukira kuti adawauza ndithu, pomata chubu cha njinga, m'njira yokhayo imene akadatha, ndipo iwo adaitola n'kupetera mpunga.

Kaseti itatha, Gilford adagogoda. Adawafunsa ngati akufuna kuona mpukutu wotsiriza. Iwo adafunsa ngati mayi uja amabwerera kunyumba, ndipo Gilford adati kanemayo amatha iye ali panjira, mwina a boma adadula, mwina ndi mmene adamupangira. Abiti Bakali adati basi iwasiya. Adapinda thumba lija kanayi n'kulibisa m'chitenje, ndipo sadamuuze mnyamata wa ku Ntcheuyo kuti makina ake safuna kuzizira.

Kunyumba adapeza Che Dinala ali kale pakhonde, nkhope ili gwa. Mayi wa usipa adali atagwira ntchito yake. Abiti Bakali adadutsa chakumbali atafunda kumaso, adalowa m'nyumba, adakhala kuseri kwa nsalu, n'kupatsa Subira thumba kuti akapereke kwa bambo ake aakulu. Kenaka adafotokoza, mwadongosolo, za mzere wa pensulo, za ketulo, za bwana woletsa kupemphera, za babu la ku Joni. Nyimbo, adatero, idali yosungira azungu kuti asadandaule.

Subira, amene adaima pakhomo, adaona bambo ake aakulu akufunyulula thumbalo pamaondo, akusisita ndi chala pamalo pa chipumi. Kenaka mapewa awo adayamba kugwedezeka, ndipo sikudadziwike ngati akuseka kapena akulira, mwina zonse.

"Makina kuzizira," adatero. "Wadi, Wadi. Mwana uyu adali wabodza kuyambira kale."

Adapukuta maso ndi kofia. Koma mwalimu ndi mwalimu, amawerenga ngakhale ali m'misozi.

"Mwati mphindi zingati, alamu?"

"Khumi."

"Raka zinayi zokha?"

Abiti Bakali adagwira nsalu yotchinga. Bodza lidabweranso pakamwa, laling'ono ngati loyamba lija, ndipo adalimezanso.

"Adamuphunzitsa kuswali ndinu, alamu. Mayendedwe ake mukuwadziwa."

Che Dinala ankawadziwadi. Ndiwo ankamukoka khutu mng'ono wawo ali mwana chifukwa chothamanga pa swala ngati nkhuku yojompha chimanga. Adakhala nthawi yaitali akuyang'ana thumbalo, ndipo Subira adaona milomo yawo ikuyenda ngati akuwerengera. Kenaka adalipinda kanayi, motsata mipindo yake yakale.

"Ankachedwa," adatero pang'onopang'ono. "Kuyambira ali mwana ankachedwa pa swala."

Adaimirira n'kuuza Subira kuti mawa ayambe kusankha mpunga, iwo akupita kwa Shehe ndi thumbali. Ali pamasitepe adaonjeza, osatembenuka, kuti za basi zimene anthu akunena iwo sadazimve.

Mawa lake pakhomo padadzazanso amayi, ena mwa iwo omwe aja adasowa, atanyamula malichero. Mthunzi utatalika, Abiti Bakali adalowa kuchipinda kukaswali Asiri. Adamaliza raka zinayi, adapereka salamu, adachita duwa. Kenaka, m'malo mopinda mkeka, adasendera kukhoma n'kutsamiritsa mutu. Khomalo lidali la dothi, lozizira, ndipo kuseri kwake kunkangomveka mpunga ukugwa m'malichero.

Subira adawaitana kawiri kuti adzaone ngati mpungawo ukwana. Sadayankhe. Mphindi khumi zidali zisadakwane.